Ubweya wa Bulashi pa Boti la Mpingo

Pa malo okonzera maboti paja panalibe amene ankawatchula dzina lawo la ubatizo. Onse ankangoti a Katatu, chifukwa pa zaka zonse zimene anagwira ntchito m'shedimo sanalolepo boti kubwerera m'madzi asanalipake penti katatu. Ankati koyamba n'kwa boti, kachiwiri n'kwa madzi, kachitatu n'kwa Mulungu amene amaona ndi kunsi komwe. Analinso mkulu wa mpingo. M'mawa uliwonse makina asanalire, ndi iwo amene ankavula chipewa n'kupempherera anzawo, ndipo kiyi wa shedi ankagona m'thumba mwawo.

Mwana wawo wamwamuna atamwalira, mkazi wake sanabwerere kwa makolo ake. Anatsala pakhomo ndi ana awiri, ndipo a Katatu ndi amene anakamupemphera ntchito yosesa m'shedi. Anasesa zaka zinayi. Kenaka kunabwera kampani ina ndi mankhwala atsopano oteteza kunsi kwa maboti, n'kupempha munthu mmodzi woti akaphunzire kapakidwe kake. Amuna onse atamva kuti mankhwalawo amapakidwa ndi kasiponji n'kupukutidwa ndi kansalu, anaseka nati imeneyo ndi ntchito yotsuka mbale. Mpongozi wa a Katatu anakweza mkono. Patapita masabata awiri anabwera ndi satifiketi, botolo limodzi, ndi mpukutu wa tinsalu tofewa. Kuyambira tsiku limenelo anzake anamutcha a Kansalu.

Mankhwalawo a kampani ankawatchula kuti nano, koma m'shedimo ankangoti madzi a galasi. Ankaoneka ngati madzi akumwa. Mpongozi uja ankafotokoza kuti muli tizinthu tating'ono kwambiri toti diso silingatione, timene timalowa m'timaenje ta pakhungu la boti n'kuuma gwa, kotero kuti ndere ndi tinkhono ta m'nyanja zimasowa pogwira. Ankayamba watsuka boti, n'kulipukuta ndi sipiriti. Akatero ankadontheza madontho ochepa pa kasiponji, n'kupaka kadera kofanana ndi buku la nyimbo lotsegula. Ankadikira pang'ono mpaka pamalopo paoneke timitundu ngati ta utawaleza, kenaka n'kupukuta zonse ndi kansalu kouma.

Kupukutako ndi kumene kunkawawawa a Katatu.

“Ndiye mwapaka kapena mwachotsa, mayi?” anamufunsa tsiku lina.

“Chimene chimagwira ntchito n'chimene chatsalacho, bambo.”

“Chatsala chiti? Ine sindikuona kanthu.”

“Ndi chomwecho chimene simukuchionacho.”

A Katatu anangopukusa mutu. Pa maboti othamanga a anthu olemera analibe nazo kanthu. Eni ake ngati akufuna kupakiridwa mphepo, n'zawo zimenezo. Koma tsiku lina m'shedimo munalowa boti la mpingo wawo.

Linali boti loyera la faiba, osati la matabwa, limene linkanyamula odwala ndi amayi oyembekezera kuchokera kutsidya kupita nawo kuchipatala. Ndere inali itamera kunsi kwake ngati ndevu, moti injini inkalira kwambiri koma ulendo osatha. Mpongozi analigwira masiku atatu. Loweruka masana, atangopinda kansalu komaliza, abusa anafika kudzaona. Anazungulira boti lonse manja ali kumbuyo.

“Mwalitsuka bwino zedi,” anatero abusa. “Nanga mankhwala aja mupaka liti?”

“Tatha kale, abusa,” anayankha mpongozi.

Abusa anayang'ana boti, anayang'ananso botolo limene linali patebulo, lotsika pang'ono chabe kuchokera pakhosi. Anaseka mwaulemu. “Chabwino. Izi n'za chikhulupiriro ndithu, kukhulupirira zosaoneka.”

Anthu anaseka. A Katatu sanaseke. Iwo anamva ngati abusa awavula malaya pagulu. M'maganizo mwawo ankamva kale amayi a kumpingo akunong'onezana kuti banja la a mkulu lapukuta boti la Mulungu ndi madzi, mankhwala enieni n'kusungira olemera. Anakumbukira maulaliki awo omwe, onena za anthu amene amabweretsa ku guwa nyama yotsimphina, yonenepa atasiya kukhola. Ankamukonda mpongozi wawo ngati mwana wobereka okha, koma mumtima anati mwanayu wakula movutika, dzanja lake linazolowera kuumira.

Onse ataweruka, iwo anatsalira kuti atseke. Dzuwa linali likadali pamwamba, malata a shedi akuthetheka. Anatsegula bokosi lawo la zida n'kutulutsa bulashi imene ankainyadira kuposa zonse, yaikulu ngati chikhatho, ya ubweya wakuda umene nsonga zake zinafiira kalekale ndi penti ya kunsi kwa maboti. Anakhuthulira botolo lonse m'chitini choyera. Anagwada, n'kuyamba kupaka monga mmene ankadziwira, dzanja lodzaza, osasiya malo. Ankaimba chapansipansi nyimbo ya zopereka. Atafika kumapeto anabwerera koyambira, kenaka anabwereranso kachitatu. Boti linanyezimira ngati latuluka kumene m'madzi. Anatseka shedi mtima uli mbee, ndipo Lamlungu anaimba besi mwamphamvu mpaka mayi a kunyumba kwawo anawagwira chigongono.

Lolemba m'mawa atatsegula chitseko, anaima pakhomo pomwepo.

Boti silinkanyezimiranso. Mankhwala aja, poti ndi opyapyala ngati madzi, anayenderera n'kuuma ali m'njira. Mbali zonse ziwiri zinali mizeremizere ngati misozi youmira pamasaya a mwana. Pena panachita chifunga, pena panatupa ngati phula la kandulo. A Katatu anakanda ndi chikhadabo. Zinali zolimba ngati botolo.

Anzawo anawapeza ali chiimire. A kapitawo, bambo wamfupi wa mawu aakulu, anayendetsa chikhatho pa botipo n'kuchichotsa msanga.

“Ichi ndiye chiyani? Ndere ikaona apa iitana ndi abale ake omwe. A Kansalu ali kuti?”

Mpongozi anabwera akumanga mpango kumutu. Anapita patebulo, ananyamula botolo, analipendeketsa. Munalibe ngakhale dontho. Anatenga tochi yake n'kuunika m'mbali mwa boti chopendekera, nkhope ili pafupi kwambiri. Pamalo ena anaima nthawi yaitali. Atadzuka sanayang'ane munthu aliyense.

“Tiuzeni, mayi,” anatero a kapitawo. “Kusukulu kwanu kuja anakuphunzitsani kusambitsa boti ndi botolo lonse? Amenewa anali mankhwala a maboti anayi.”

“Ndinasiya botolo poyera,” anayankha mpongozi. “Ndikonza.”

“Mukonza ndi chiyani, kansalu?” anatero wokonza mainjini, ena n'kuseka.

A kapitawo sanaseke nawo. Anati boti limayenera kubwerera m'madzi mawa lake, ndipo tsopano odwala aziwoloka pa maboti a asodzi opanda denga mpaka zonsezo zitapalidwa. Anatinso ayenera kudziwitsa a kampani, pakuti lamulo lawo linali lotero. Woyendera wawo adzafika Lachinayi. Akadzapeza kuti wophunzitsidwa ndi iwo ndi amene wachita zimenezi, adzatenga satifiketi yawo.

“Tsache lanu lija likadalipo, silinapite kutali,” anatero. Kenaka anatembenuka. “A Katatu, tipempherereni tiyambe ntchito. Mukumbukirenso apongozi anuwa.”

Apa ndi pamene munthu wa Mulungu akanatsegula pakamwa. Koma anaona maso onse ali pa iwo, maso a anthu amene anawadzudzulapo za mowa ndi za kuba misomali, ndipo dzanja lawo linapita lokha kuchipewa. Anapemphera. Anathokoza chifukwa cha tsiku latsopano. Anapempherera odwala a kutsidya. Kenaka anadzimva okha akupempha kuti Ambuye apatse antchito ake onse manja osamala ndi mtima wosathamanga, ndi kuti akhululukire wolakwa. Lilime linkayenda bwinobwino ngati la masiku onse, ndipo chimenecho ndi chimene chinawaopsa. Onse anati ameni. Iwo atatsegula maso anaona mpongozi wawo akuyang'ana pansi, milomo ili yotseka.

Bulashi ija a Katatu anaipeza m'bokosi itauma ngati mwala. Anaikulunga m'chisanza n'kuikankhira pansi pa zida zina.

Madzulo kunyumba chakudya chinawakanika. Mpongozi anali panja akuchapa yunifolomu za ana. Mayi a kunyumba anakhala pambali pawo n'kutsitsa mawu.

“Ndamva za botilo. Musamukalipire kwambiri mwanayu, bambo. Ana a masiku ano amafuna kumaliza zinthu msanga. Inu mumulangize mofatsa, amakumverani.”

“Ndamva,” anatero a Katatu.

“Nanga lero simutitsogolera nyimbo?”

“Pakhosi pakundikanda.”

Anatenga buku la Mawu kuti awerengere banja monga mwa nthawi zonse, koma paliponse pamene ankatsegula pankakhala ngati palembedwa za iwo. Anapatsa mdzukulu wamkulu kuti awerenge.

Lachiwiri lonse mpongozi anakhala pansi pa boti ndi sandipepa. A Katatu anapatsidwa ntchito yopaka boti lina kumapeto kwa shedi, ndipo phokoso la sandipepayo linkawapeza komweko, kwe kwe kwe, ngati likupala m'chifuwa mwawo. Ankadziuza kuti anena madzulo. Madzulo atafika anati anena mawa, akapeza a kapitawo ali okha. Ankadziuzanso kuti mwina woyendera adzamumvera chisoni mayi wamasiye. Anadziuza zambiri.

Lachitatu masana anthu atatuluka kukadya pansi pa mtengo, iwo anabwerera m'shedi kukatenga kapu yawo. Munali zii, sandipepa osamveka. Pansi pa boti la mpingo panali kuwala kwa tochi. Anawerama. Mpongozi anali chagada pa katoni, tochi ataigwira ndi mano, lezala ili m'manja. Sankapala. Ankasema pang'onopang'ono pamalo amodzi, n'kutola kanthu ndi nsonga za zala, n'kukaika m'kabokosi ka machesi kamene kanali pachifuwa pake. Kenaka ankasuntha tochi kufunafuna pena.

“Simukudya, mayi?”

Anadzidzimuka. Tochi inagwa, ndipo dzanja linathamangira kutseka kabokosi.

“Ndidya, bambo. Pitani, ndikubwera.”

“Muli chiyani m'menemo?”

“Ndi zinyalala chabe.”

“Ndioneko.”

Anazengereza, koma sakanawakaniza. Anatuluka pansi pa boti, anakhala pa katoni, n'kupereka kabokosiko ndi manja awiri. A Katatu anatsegula. Munali timaubweya takuda tansonga zofiira, tina tikadali m'tizidutswa ta galasi. Tinali tambiri.

Anakhala pansi pa simenti, iwo amene sankakhala pansi pamaso pa mpongozi.

“Munadziwa liti?”

“Lolemba lomwe lija. Bulashi imeneyi ndaitsuka kangati ine, bambo? Ndingaizindikire ngakhale mumdima.”

“Ndiye mukutolerezanji?”

“Woyendera uja amabwera ndi tochi yake, ndipo palibe chimene chimamudutsa. Akapeza kaubweya kamodzi afunsa kuti m'shedi muno amagwira bulashi ndani.”

“Bwanji simunanene?”

“Ndinene kuti chiyani? Ndiimirire pamaso pa amuna onsewa n'kuloza agogo a ana anga? Ndiye Lamlungu anthu alandire mkate wa mgonero m'manja mwa ndani?” Anapukuta fumbi loyera pankhope ndi kuseri kwa dzanja. “Ine tsache ndikulidziwa, silinandiphe. Inu akakuchotsani pano pa msinkhu wanuwu mupita kuti?”

A Katatu anayesa kulankhula. “Ndimafuna kuti boti la Ambuye lisachepekedwe. Ndinaona ngati…”

“Ndikudziwa chimene munaona.” Mawu ake anali ofatsa, koma sanawatsitse. “Botili silikundipweteka, bambo, lipalika. Chimene chikundipweteka n'choti munaganiza kuti ndabera Mulungu. Zaka zonsezi ndakhala pakhomo panu, munandionapo ndikubisa ngakhale supuni ya shuga?”

“Ayi, mayi.”

“Mukanandifunsa. Ndikanathira madzi pa botipo muone nokha akugubuduzika.” Anayang'ana kabokosi kaja. “Pemphero lija la Lolemba ndinalephera kunena ameni. Mundikhululukire, koma ndinalephera.”

Anatambasula dzanja kuti atenge kabokosi kake. A Katatu anakaika m'thumba la malaya awo.

“Kadyeni,” anatero. “Musatolenso.”

“Bambo, tatsala tochepa.”

“Tisiyeni pomwepo.”

Masana onsewo bulashi inkawalemera m'manja. Ankaganiza za mwana wa eni ake amene anagona chagada pa katoni kuti aphimbe umaliseche wa nkhalamba, pamene nkhalambayo inaimirira pagulu n'kumupempherera manja osamala. Pa moyo wawo analalikirapo kambirimbiri za wosalakwa wosenza mlandu wa wolakwa, ndipo ankaimba za zimenezo misozi ili m'maso. Sanaganizepo kuti adzamuona wosalakwayo m'shedi, atavala ovololo ya buluu, tochi ili kukamwa.

Lachinayi woyendera anafika m'mamawa. Anali mayi wamtali wa magalasi, wonyamula kachikwama kakuda. A kapitawo anamuuza kuti pamalopo amayamba ndi pemphero, ndipo onse anaima mozungulira monga mwa masiku onse. A Katatu anavula chipewa. Anthu anaweramitsa mitu n'kudikira. Pemphero silinabwere. M'malo mwake anamva kugogoda patebulo, go go, ngati mwala. Atatukula maso anaona bulashi youma ili patebulo, pambali pake kabokosi ka machesi kotsegula.

“Ndisanapemphere,” anatero a Katatu, “ndine ndinachita zimenezi. Mayiwa anamaliza ntchito yawo bwinobwino Loweruka. Inu mutapita ndinatsalira, n'kukhuthula botolo lonse, n'kupaka ndi bulashi iyi. Ndinkaona ngati aumira mankhwala. Lolemba ndinaima pano n'kukhala chete, ndipo ndinapemphera pemphero labodza pamaso panu ndi pamaso pa Mulungu. Iwowa ankadziwa, ndipo akhala akutola ubweya wa bulashi yanga kuti inu musadziwe.”

Wokonza mainjini anayang'ana nsapato zake. Kenaka a kapitawo anafunsa chinthu chimodzi chokha.

“Munapaka kangati?”

“Katatu.”

Wina anapisa kuseka m'chikhatho, ndipo kusekako kunawapweteka a Katatu kuposa kukalipiridwa. Sanaweramitse mutu. Anaona kuti n'koyenera kuti akumve konse.

Woyendera ananyamula bulashi, anaigogoda ndi chala, n'kulowa pansi pa boti ndi tochi yake. Sanachedwe. Anatuluka ndi kaubweya kamodzi pa nsonga ya chala. Kenaka anauza mpongozi kuti apake kadera kamodzi pamalo amene anapala kale, iye akuona. Anamupatsa botolo la m'chikwama chake. Mpongozi anapukuta ndi sipiriti, anadontheza, anapaka, anadikira utawaleza, anapukuta.

“Dzanja ili lilibe mlandu,” anatero woyendera. “Satifiketi ikhala. Koma botolo muzilitsekera, mayi, ndipo tsiku lina musadzabisenso zotere. Mukanataya ntchito chifukwa cha ulemu.” Anatembenukira kwa a Katatu. “Bambo, mankhwala awa si penti. Mukawonjeza mwawononga.”

“Ndaona, mayi.”

A kapitawo anatambasula dzanja. A Katatu anamvetsa. Anatulutsa kiyi wa shedi, amene anakhala m'thumba mwawo zaka zoposa makumi awiri, n'kumuika m'dzanjamo. A kapitawo anamupereka kwa mpongozi.

“Kupala konse kwatsalaku n'kwanu,” anatero. “Ndipo abusa mukawauze nokha chifukwa chimene odwala awo akuwolokera pa maboti a nsomba. Ine sindikunenerani.”

“Ndikawauza lero.”

“Nanga tsopano atipempherere ndani? Ine pemphero langa limathera pa chakudya.”

Patapita kanthawi mpongozi analankhula, maso ali pa kiyi amene anali m'manja mwake.

“Apemphere omwewo.”

Linali pemphero lalifupi kuposa onse amene a Katatu anapempherapo. Anangopempha chifundo, n'kutchula odwala a kutsidya, mawu n'kuwathera. Pa maameni onse amene anamveka, iwo anamvetsera imodzi yokha, ndipo inabwera, yapansipansi.

Anapala masiku anayi, chagada pa katoni yomwe ija, fumbi loyera likugwera m'ndevu. Mapewa ankawotcha ngati moto. Lamlungu anakhala pa benchi ya kumbuyo, ndipo mkate wa mgonero unagawidwa ndi ena. Mayi a kunyumba sanawanene, anangowathira mafuta m'mapewa, koma tsiku limenelo kapu yoyamba ya tiyi anapatsa mpongozi.

Boti litayera n'kupukutidwanso ndi sipiriti, mpongozi anatsegula kabati ndi kiyi wake n'kutulutsa botolo latsopano. Anapaka mbali imodzi yekha, a Katatu akumuunikira ndi tochi. Atafika mbali yachiwiri anaima, n'kuwapatsa kasiponji.

“Gwirani, bambo.”

“Ine ayi, mayi. Manja awa mwawaona ntchito yake.”

“Gwirani. Ndikadzadwala adzapaka ndani, wokonza mainjini?”

Anagwira. Mpongozi anadontheza madontho ochepa, ochepa kwambiri moti a Katatu analuma mlomo kuti asapemphe ena. Anapaka kadera kofanana ndi buku la nyimbo lotsegula. Anadikira. Pang'onopang'ono pa khungu loyera la boti panatuluka timitundu tija, tofiirira, tobiriwira, tikusuntha ngati tamoyo. Aka kanali koyamba kuti awerame pafupi chotere n'kutiona.

“Tsopano pukutani,” anatero mpongozi, akuwapatsa kansalu.

“Zonse?”

“Zonse, bambo.”

Dzanja linakana kaye. Kenaka a Katatu anapukuta, mpaka pamalopo panatsala poyera ngati sipanapakidwe kanthu, ndipo anasunthira pa kadera kotsatira.